Mmene Ndinaphunzirira Kukhalira Manja Anga

Ana anga ndi adzukulu anga, mutu uno ndinafuna kuti ukhale wa ntchito yanga yokha, wolembedwa mwadongosolo kuyambira pamene ndinalembedwa kufikira pamene ndinapuma. Koma ndisanafike patali, m'bale wanu Tiyamike anabwera kuno ku Zengeza ndi funso limene landizunguza mutu, ndipo tsopano sindingathe kulekanitsa mbiri yanga ndi funso lakelo. Tiyamike ndi namwino pa chipatala cha boma, ntchito yokhazikika ngakhale ili yolemetsa, ndipo ndi mayi wa ana awiri, Tadiwa ndi mng'ono wake, amene akulera kwawo ku Nyatsime. Kampani ina yolumikiza tizipangizo toyezera matenda pakhomo inamuitana kuti akakhale mlembi wa malangizo, ntchito yomweyo imene ine ndinakalambira. Anamuuza kuti amulemba kwa chaka chimodzi, za m'tsogolo adzaona. Ndiye anandifunsa m'Chishona, monga muchitira nonsenu ndikakulankhulani m'Chichewa: "Baba, basa iri richiripo here?" Ndiko kunena kuti, kodi ntchito imeneyi ikadalipo, kapena ndisiya chogwirika n'kukathamangira chinthu chimene chikutha? Ndinamupempha kuti andipatse nthawi, ndipo zimene ndinakumbukira m'nthawi imeneyo ndi izi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza sukulu ya mishoni, bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzafuna ntchito m'dziko lino, ankalakalaka nditakhala mphunzitsi. Ine ndinakalowa m'kampani ina ya ku Southerton yopanga mabandeji ndi thonje la m'chipatala, imene inkaitanitsanso zipangizo kuchokera kunja. Ndinayamba ngati kalaliki wa kosungira katundu. Woyang'anira za malangizo anali mayi wachikulire wachizungu amene kale anali namwino m'zipatala za kumidzi. Antchito tinkamutcha Mai Nyarara, chifukwa liwu la Chishona limene ankalitchula bwino kuposa onse linali lomwelo, lotanthauza kuti khala chete. Anaona mmene ndinkalembera pa makatoni ndipo anandiitanira ku ofesi yake.

Ntchito yanga yoyamba inali ya mphika wachitsulo wophera tizilombo pa zida za m'chipatala, wotseka ndi zomangira ndi kutenthetsa pa pulayimasi. Miphika imeneyi inkapita ku zipatala zazing'ono zopanda magetsi, koma inkafika ndi buku lochindikala la Chingerezi cha amisiri. Anandiuza kuti ndilifupikitse likhale tsamba limodzi, m'Chingerezi ndi m'Chishona. Ndinalemba ndi luso lonse limene ansembe anandiphunzitsa, ndipo ndinapereka tsambalo ndikuyembekeza chiyamikiro. Iye sanaliwerenge n'komwe. Anaitana mayi wina wa kolongedza mabandeji, amene anali asanaugwirepo mphikawo, namuika patsogolo pa tebulo, namupatsa tsamba langa. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"A Mbewe, khalirani manja anu."

"Pepani, dona, sindinamve."

"Ikani manja pampando, inu mukhale pamwamba pake. Pakamwa mutseke."

Ndinachita manyazi, mwamuna wovala tayi kukhalira manja ngati mwana wolangidwa, koma ndinamvera. Mayi uja anawerenga pang'onopang'ono, naika zida mumphika, natseka chivundikiro, namanga zomangira zonse bwinobwino, natambasula dzanja kuti ayatse pulayimasi. Mumphikamo munalibe madzi ndi dontho lomwe. Za madzi ndinali nditalemba ndithu, koma pansi penipeni, pa mutu wakuti Chenjezo, pamene iye anali asanafike. Manja anga anatuluka okha ndipo ndinafuula m'Chishona kuti, "Mvura!" ndiko kuti madzi.

"Nyarara!" anatero Mai Nyarara, osanditembenukira. Pulayimasiyo anali ataichotsa palafini dala, koma ine sindinadziwe. Mayi uja atabwerera ku ntchito yake, anandifunsa mofatsa kuti, "Kodi inu tidzakulongedzani m'bokosi lililonse, kuti mukafuule za madzi ku Mutoko ndi ku Gokwe? Kumeneko kudzafika pepala lokha. Chimene pepala silinena pa nthawi yake, sichinanenedwe."

Kuyambira tsiku limenelo sindinatulutsepo tsamba la malangizo ndisanalipereke kwa munthu wosadziwa chipangizocho, ine nditakhalira manja. Amayi anu adzakuuzani kuti ngakhale m'tchalitchi ankandigwira pachigongono kuti ndikhale ngati anthu.

Zaka za m'ma 1990

Izi zinali zaka za mtendere pa ntchito. Tinakhala alembi atatu, ndipo kwa kanthawi ananditumiza ku nthambi ya ku Bulawayo, kumene ndinagwira ntchito ndi Mayi Sibanda, womasulira m'Chindebele, munthu waukhondo pa mawu amene sankalola chiganizo chopunduka kudutsa patebulo pake. Pambuyo pake anasamukira ku likulu ndipo tinakhala mu ofesi imodzi. Tinkayenda m'zipatala za kumidzi ndi zipangizo zatsopano, ife kukhala pabenchi, anamwino ndi azamba akuwerenga mapepala athu. Ena ankatiseka, ena ankaganiza kuti tabwera kudzawayesa mayeso, ndipo tinkayamba tawatsimikizira kuti woyesedwa ndi pepala, osati iwo.

M'zaka zomwezo munabwera makompyuta. Mnyamata amene anadzatiikira anandiuza mosabisa kuti ndiyambe kufunafuna pogwira pena, chifukwa makinawa adzalemba zonse. Ndinabwera kunyumba mtima uli m'malere, ndipo ndinayamba kuganiza zogula matebulo ogulitsirapo ku msika wa Huruyadzo. Otayipa anathadi, onse anapita. Koma ife alembi ntchito inatichulukira, pakuti poona kuti kusintha tsamba kwapepuka, mabwana anayamba kufuna kuti tizisintha kawirikawiri. Aka kanali koyamba kuuzidwa kuti ntchito yanga yafa, ndipo sinafe. Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzirapo kanthu, koma otayipa aja nawonso ankati ntchito yawo singafe.

Zaka zakusowa, m'ma 2000

Mai Nyarara anali atapuma kale, ndipo bwana wathu anali Bambo Moyo, munthu wabwino amene anapatsidwa kampani pa nyengo yoipa. Inu akuluakulu mukukumbukira mizere ya buledi ndi makombi, maminibasi athu aja, osowa mafuta, ndi mmene ndinkafikira kuno fumbi lili mpaka m'maondo. Ku ntchito kunasowa chinthu chimene mlembi sangakhale popanda icho: mapepala. Pa nthawiyo tinali kukonza malangizo a kachipangizo koyezera malungo ndi dontho la magazi, kopita kwa alangizi a zaumoyo m'midzi. Tinali titalemba m'Chingerezi, m'Chishona ndi m'Chindebele, ndi zithunzi zosonyeza dzanja likuchita chilichonse. Bambo Moyo anandiitana nandionetsa kapepala kosaposa chikhatho changa, nati zonse zikwane pamenepo. Chingerezi sichikanachoka, pakuti ndicho ankawerenga oyendera ntchito yathu. Kunatsala kusankha pakati pa zithunzi ndi zilankhulo ziwiri za anthu.

Ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinakonza mitundu iwiri, ndinapita nayo kwa anthu, ndinakhalira manja. Koma ulendo uno manja sanandipatse yankho. Ena anatsata zithunzi bwino nalephera mawu, ena anatsata mawu natembenuza chithunzi chadodolido. Ndinabwerera kwa Bambo Moyo ndili wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira.

"Ndipatseni mapepala awiri, bwana."

"A Mbewe, mukanandipempha mkono ndikanakupatsani. Mapepala ndilibe. Mudhara, sarudzai." Kunali kundiuza kuti, mkulu, sankhani.

"Mukudziwa kuti ndikasankha zithunzi, Mayi Sibanda alibenso chochita muno?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikufunsa inu, osati iwo."

Ndinasankha zithunzi, poganiza kuti chithunzi chimalankhulanso kwa Mtonga ndi kwa Mchewa wa pa famu, amene zilankhulo zawo sizinali papepalapo ndi kale lomwe. Mayi Sibanda anachoka mwezi usanathe. Potsanzika anandigwira dzanja nati, "Chithunzi sichinena kuti chifukwa chiyani, a Mbewe. Munthu wosadziwa chifukwa amadumpha zina." Kufikira lero sindidziwa ngati ndinasankha bwino. Palibe amene anabwera kudzandiuza kuti wapulumuka chifukwa cha zithunzi zanga, ndipo palibenso amene anadzandiuza kuti wavulala. Mlembi wa malangizo samva mbiri ya mapepala ake.

Pamene ndinkapuma, patapita zaka zingapo, ndinali nditatsala ndekha mu ofesi ija. Sanalembe wina m'malo mwanga. Nditapita kukawaona, ndinapeza patebulo panga ataikapo makina osindikizira. Zipangizo zinali zitayamba kufika ndi timapepala take kuchokera kunja, topindidwapindidwa, tolembedwa m'zilankhulo zambiri ndi zilembo zazing'ono ngati nyerere, popanda chilankhulo chathu n'chimodzi chomwe. Ndinati mumtima, basi, ulendo uno yafadi.

Chaka chino

Ndiye mungamvetse mmene ndinadabwira Tiyamike atandiuza kuti kampani ikufuna mlembi, ndipo ikuchita kumupempha. Anati masiku ano chipangizo sichiloledwa kugulitsidwa popanda mulu wa zikalata zofotokoza mmene chinapangidwira, mmene chinayesedwera ndi mmene chingavulazire munthu, ndipo akusowa anthu odziwa za m'wodi amene amathanso kulemba. Ndinapita ndekha ku Huruyadzo kukayang'ana m'mafamase. Zoonadi, zimene kale zinkagwiridwa ndi namwino yekha tsopano zili pashelefu: zoyezera shuga, zoyezera kuthamanga kwa magazi, zoyezera pakati. Zipangizo zachuluka m'manja mwa anthu osaphunzira zachipatala, ndipo ndinati ngati zili choncho alembi adzafunika kuposa kale. Ndinabwerera kunyumba yankho lili m'manja.

Loweruka lotsatira Tiyamike anabwera, ndipo ndisanatsegule pakamwa anatulutsa foni. Anati, "Baba, musati mapindura, tarisai," ndiko kuti ndiyambe ndaona ndisanayankhe. Analankhula ndi kompyuta ya masiku ano yolemba yokha, imene ana amati ei-ayi, naiuza kuti ilembe malangizo a kachipangizo koyezera shuga m'Chishona chosavuta. Ndisanapeze n'komwe magalasi anga, tsamba linali litatha. Ndinaliwerenga ndikufunafuna cholakwa ngati mphunzitsi wankhanza. Kusamba m'manja kunali pamwamba, pamalo pake. Chenjezo lililonse linali patsogolo pa chinthu chimene likuchenjeza. Zimene ine ndinaphunzira mwamanyazi pamaso pa Mai Nyarara, chinthu ichi chinkazidziwa kale. Yankho langa lija linasungunuka.

Amayi anu, amene ankasenda mbatata pakhonde, anaseka nati, "Mwapeza mnzanu wolemba osapempha tiyi."

Ndinachita chimene ndachita moyo wanga wonse ndikalandira pepala latsopano. Ndinati tikalipereke kwa munthu. Mnansi wathu Che Saidi, amene makolo ake anachokera ku Mangochi ndipo amasoka zovala kuseri kwa nyumba yake, anali atangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi shuga. Mwana wake anamugulira kachipangizo koyezera, koma kanali kadakali m'bokosi. Tinakopera tsamba lija papepala ndi zilembo zazikulu, popeza foni ya Che Saidi ndi kakang'ono kongoimbira, kamene kuno timati kambudzi, ndipo tinapita masana omwewo.

"Achimwene, mwandibweretsera namwino pakhomo? Ndiye kuti ndafa kale?" anatero Che Saidi potilandira.

"Ayi, Che Saidi, tabwera kudzayesa pepala ili. Inu muchite zimene likunena. Ife sitiyankha kanthu."

"Alendo osayankha! Bola amenewa, sadya zambiri."

Ndinauza Tiyamike kuti akhalire manja. Anandiyang'ana ngati ndayamba kusokonezeka ndi ukalamba, koma anakhalira. Che Saidi anavala magalasi ake osokera, nawerenga mokweza. Anasamba m'manja, napukuta. Analowetsa kapepala kolimba kolandira magazi m'malo mwake, kachipangizo kanayaka. Anakonza kasingano monga tsamba linanenera. Zonse zinkayenda mosalala, ndipo ndivomere kuti mtima wanga unkalemera pa sitepe iliyonse, pakuti ndinkaona ntchito ya mwana wanga ikutha asanaiyambe. Ndipo atafika pobaya chala, anaima. Anawerenganso pansi pake, pamene panalembedwa kuti ayeze m'mawa asanadye kadzutsa, ndiponso atadya nkhomaliro. Anaika kasingano pansi.

"Nkhomaliro yake iti? Mwezi uno ndi wa Ramazani, ine ndimadya kusanache ndi dzuwa litalowa basi. Nanga ndikatulutsa magazi masana ano, kusala kwanga sikuwonongeka? Pepala lanuli silikunenapo."

Ndinaona dzanja limodzi la Tiyamike litatuluka kale. "Sekuru, hazvi..." anayamba kumuyankha m'Chishona.

"Nyarara," ndinatero, ndipo ndinadzidzimuka kumva liwu la mayi uja likutuluka pakamwa panga.

Anabweza dzanja. Che Saidi anatembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli kanthu, napeza kulibe. Anatiyang'ana, ife osayankha. Kenaka anabweza zonse m'bokosi mwaudongo, natseka, nati, "Ndidzayamba mwezi ukatha." Munthu wa shuga, wosala chakudya tsiku lonse, anaika kachipangizo kake pamwamba pa kabati chifukwa pepala linasowa chiganizo chimodzi. Apo ndinamasula Tiyamike, ndipo anakhala naye nthawi yaitali, namufotokozera za kuopsa kwa shuga wotsika masana, namupempha kuti akaonane ndi adokotala ake ndiponso akafunse shehe za kubaya chala, osadikira kuti mwezi uthe. Che Saidi analonjeza, ndipo anapitadi.

Pobwerera ndinali wokondwa ngati mwana, ndikuganiza kuti tsopano yankho lapezeka. Koma tisanalowe pageti, Tiyamike anafunsa foni ija funso la Che Saidi. Inayankha nthawi yomweyo, mwaulemu, niwonjeza ndime yonse ya anthu osala chakudya, yolembedwa bwino kuposa mmene ine ndikanailembera.

"Mwaona, Baba? Imadziwa."

"Imadziwa, koma sinadziwe kuti ifunika kunena. Anaiuza ndi Che Saidi, kudzera mwa iwe. Ngakhale ine funso limenelo sindikanaliganiza nditakhala patebulo."

"Nanga chaka chamawa ikadzayamba kudziwiratu?"

"Mwina idzatero."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ndikuti kulemba mwina kwatha, amake Tadiwa. Chimene sindikuona chikutha ndi kukhala pambali pa munthu, n'kuona pamene waima."

"Baba, palibe kampani imene imalemba munthu ntchito yokhala pampando."

Amayi anu anayankhira pakhonde kuti, "Atate ako inawalemba, ndipo tinakulera nayo." Tinaseka tonse, koma funso linatsala pomwepo. Kawiri konse ndaganiza kuti ntchito iyi yafa: koyamba sizinali zoona, kachiwiri zinaoneka zoona kufikira pamene anaitana mwana wanga. Kachitatu aka sindikudziwa. Ndinamuuza zomwezo, kuti atate ake, amene anatha moyo wawo akulembera anthu osawadziwa kuti chitani ichi, kenaka ichi, alibe malangizo oti amupatse. Anakhumudwa, ndinaona. Anabwera kudzafuna inde kapena ayi, ndipo anabwerera ku Nyatsime ndi nkhani ya mphika wopanda madzi.

Patapita masiku anandiimbira foni kuti wapereka chidziwitso chosiya ntchito kuchipatala. Anati pamene a kampani ija ankamufunsa mafunso, iye anawafunsa ngati mapepala awo amawayesa pa anthu, ndipo iwo anayang'anana, nati ngati iye akufuna angayambitse zimenezo. Sindidziwa ngati chimenecho ndi chizindikiro chakuti akumufuna, kapena chakuti sakudziwa chimene akufuna.

Mmawa wa tsiku lake loyamba anadzera kuno kudzasiya mwana wamng'ono kwa agogo ake, ndipo ndinamuperekeza kokwerera makombi ku Huruyadzo. Anali atavala zovala za mu ofesi, ndipo popanda yunifomu yoyera ija ankaoneka ngati mlendo. Tinakhala pabenchi ya wogulitsa nthochi podikira kuti kombi idzaze, oitanira akukuwa za ku tauni. Mwadzidzidzi anandilankhula m'Chichewa, chimene sanachitepo kuyambira ali kamtsikana.

"Ababa, ndalakwitsa?"

Mawu anadzaza pakamwa panga. Ndinafuna kumuuza kuti abwerere akapemphe malo ake kuchipatala kusanade, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kumuuza kuti apite, asacheuke. Zonse ziwiri ndinkazikhulupirira mofanana. Ndinangoti, "Sindikudziwa, mwana wanga. Pita ukaone pamene uti ukaime, udzandiuze."

Anakwera, chitseko chinatsekedwa, kombi inanyamuka. Mayi wa nthochi uja anandiyang'anitsitsa nafunsa ngati ndikumva kuzizira. Ndinayang'ana pansi, ndipo ndinapeza kuti manja anga onse awiri ndawakhalira.